Mbawa ya Alendo Onse

M'ufumu wa Zatikwana mlendo sachoka asanabzale mtengo. Ndi lamulo, ndipo linalembedwa pachipata cha Sukulu ya Mayiko Onse ya Mtendere ndi Kusamala za Mawa, pamwamba pa mawu ena oletsa kutaya madzi pakhoma. Kubwere kazembe, kubwere pulofesa, ngakhale mzungu wosochera wongofunsa njira, ankamuveka nkhata ya maluwa, kumupatsa khasu la mpini wopaka vanishi, n'kumuimika kutsogolo kwa ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Pamenepo panali dzenje. Ana ankaimba, wojambula ankajambula, mlendo ankagwada n'kuika kambawa m'dzenjemo, kenaka n'kulankhula za zidzukulu zathu mpaka mawu kunjenjemera.

Galimoto ya mlendo ikangokhota pa mtunda wa Tsalanibwino, mphunzitsi wamkulu, a Malizani Chatsalira, ankavula jekete, kuzula chikwangwani cha dzina la mlendoyo, n'kufukula kambawako pamodzi ndi chitini chake. Chitinicho chinkakwiriridwa dala kuti mizu isazolowere. Mtengo ankauika kuseri kwa nyumba yawo, chikwangwani ankachiponya m'chipinda momwe munali zinzake, ndipo dzenje linkatsala yasa, kudikira mlendo wina.

Tisafulumire kuweruza, zifukwa zinalipo. Pasukulu ponse, malo okhawo amene chithunzi chinkatuluka bwino, nkhope ya Mfumu Ndilipano Wachitatu ikuonekera pakhoma kumbuyo kwa mlendo, anali pamenepo. Komanso a Kamlomo, Nduna ya Alendo ndi Mawu Okoma, anafotokozapo kuti kugwiritsa ntchito chinthu chimodzi mobwerezabwereza ndiwo mutu weniweni wa kusamala za mawa. Choncho chaka ndi chaka mbiri inkapita kunja kuti Zatikwana wabzalanso mitengo, ndipo silinali bodza kwenikweni. Kubzala kunkachitikadi.

Sukuluyo inali yotchuka. Ophunzira ankachokera m'mayiko akutali kudzaphunzira kugwirana chanza nkhope ili kwa wojambula, kusaina pangano osaliwerenga, ndi kuyamba chiganizo chilichonse ndi mawu akuti "tonse pamodzi". A Chatsalira anaphunzitsa zimenezi mpaka imvi mbuu. Sanali munthu woipa. Anali munthu wokhala m'nyumba ya boma, ndipo amene anakhalamo amadziwa mmene nyumba yotero imafewetsera khosi. Inali ya zipinda zochepa, yoyang'anizana ndi dzenje lija, ndipo ina analibe. Kumudzi kwawo abale anagawana malo kalekale, poganiza kuti munthu wophunzira amagona m'mabuku.

Omaliza kubzala mbawayo anali mafumu awiri. Mfumu Ndilipano ndi Mfumu Sindigonja wa ku Kutsidyankwathu anali pa mkangano wa mtsinje wa m'malire, umene unauma agogo awo akadali moyo. Atatopa ndi kutukwanirana pawailesi anagwirizana zobzala mtengo wa mtendere, koma aliyense anakana kugwira khasu limene lagwiridwa ndi mnzake. A Kamlomo anakonza bwino. Ndilipano anabzala m'mawa n'kupita. Chikwangwani chinasinthidwa, khasu linapukutidwa, ndipo Sindigonja anabzala masana n'kupita. Aliyense anabwerera kwawo akudziwa kuti ali ndi mtengo wake.

Tsiku limenelo msana wa a Chatsalira unakana kufukula kachiwiri. Anati mawa. Mawalo alendo anasiya kubwera, pakuti kunabuka nkhondo zina zokoma kujambula kumayiko ena. Mvula inagwa, inanso inagwa, ndipo mbawa, poona kuti palibe akuinyamula, inaganiza zokhala. Inapitirira msinkhu wa munthu, inapitirira denga. A Chatsalira anayamba kutulutsa mpando masana n'kukhala pamthunzi pake, ndipo nthawi zina ankaiuza nkhani za m'kalasi.

Kenaka anaitanidwa ku Mpandowanga, likulu la ufumu.

Nduna zinali zitakhala mozungulira, mfumu ili pamwamba, maso itatseka monga inkachitira ikafuna kuoneka yoganiza. A Kamlomo anaimirira n'kukonza tayi.

"Mwini dziko, ndadza ndi zokoma. Bungwe la Mayiko Okonda Mtendere lasankha ife kuti tichititse msonkhano waukulu wa tsogolo la maphunziro a mtendere ndi chilengedwe. Atisankha chifukwa cha nkhalango yathu yotchuka. Alendo onse amene anabzalapo mtengo kuno akubwera, aliyense kudzaona wake."

Nduna zinaomba m'manja. Kuombako kunayamba mwamphamvu, kunka kuchepa, mpaka kunatsala Nduna ya Zamasewera yokha, imene inkachedwa kumva zinthu.

"Tiwauze kuti inadyedwa ndi mbuzi," inatero Nduna ya Nkhalango.

"Mbuzi ziti?" inafunsa Nduna ya Ziweto. "Si zomwe anadya alendo omwewo?"

Nduna ya Nkhondo inapempha kuti iyambitse kankhondo kakang'ono, kosapha anthu ambiri, kongokwanira kuti msonkhano uimitsidwe. Ganizoli linakambidwa mwaulemu, koma linakanidwa chifukwa asilikali anali atalonjezedwa kale kudzaimba pamsonkhanopo.

Mfumu inatsekula diso limodzi. "Phiri la Katsala lidakalipo?"

"Lilipo, wawa. Ndi lokhalo latsala ndi mitengo."

"Ndiye mukulira chiyani? Mitengo yooneka bwino idulidwe, isongoledwe kunsi ngati nsichi, izikidwe pasukulu. Mtengo uliwonse chikwangwani chake. Alendo akufuna nkhalango, apatseni nkhalango. Mlendo ndi mame, dzuwa likakwera sitimuonanso."

Nduna zinagwirizana kuti nzeru yotere sinamvekepo chiyambire ufumu. Lamulo linatchedwa Lamulo Losamutsira Chilengedwe Kufupi ndi Ophunzira.

"Chatsalira ali kuti?" inafunsa mfumu.

"Ndili pano, wawa." A Chatsalira anagwada, mawondo akulira.

"Mlendo wamkulu, Mayi Pulofesa Vandabeki, adzabzala. Dzenje langa lili bwanji?"

"Lili bwino, mwini dziko. Kungoti muli mtengo."

Mfumu inatsekula diso lachiwiri. "Dzenje la alendo mwaikamo mtengo?"

"Unangomera pang'ono, wawa. Unagwira nthaka."

"Munthu wophunzira ngati inu, kusiya katundu wa boma kuti amere. Tsiku la msonkhano dzenje ndilipeze lopanda kanthu. Likadzapezeka ndi mtengo, mudzatule choko ndi makiyi a nyumba."

Pobwerera a Chatsalira anadzera pa msika wa Tagulanji, pomwe akazi awo, a Nasibeko, ankagulitsa makala. Anthu ena ankaona zachilendo kuti mkazi wa mkulu wa sukulu ya chilengedwe azigulitsa makala, koma a Nasibeko ankati m'banja mumafunika wina wophunzitsa za mawa ndi wina wodyetsa anthu lero. Nkhani ya lamulo inali itafika kale pamsikapo, pakuti ku Zatikwana chinsinsi cha boma chimayenda pa njinga.

"Takulandirani aphunzitsi," anatero a Nangondo ogulitsa tomato, amene ankakhala moyandikana ndi a Nasibeko. "Tamva nkhalango yanu ikubwera pa lole."

"Ndi malamulo, mayi."

"Ayi, ndi zabwino. Ife kale tinkapita kunkhalango wapansi, minga ikutibaya. Lero nkhalango yayamba sukulu. Ikamaliza idzalembedwa ntchito kuboma."

"Ikamaliza ibwera pano," anatero a Nasibeko akupakira makala m'kathumba. "Ndawauza kale ootcha makala asavutike kukwera phiri. Boma latitsitsira. Nanga inu nkhope yagwa bwanji, bambo? Akudyetsani chiyani ku Mpandowanga?"

A Chatsalira anakhala pa thumba la makala, osasamala za buluku lawo, n'kufotokoza zonse motsitsa mawu. A Nasibeko anamvetsera mpaka pa makiyi.

"Ndiye mukudikira chiyani? Kazuleni."

"Mayi, mtengo uja ukazulidwa pano sudzukanso. Wakula."

"Nanga ife sitinakule? Tikazulidwa ife tidzuka?"

"Moyo wake wonse wakhala ukunyamulidwa. Ndi koyamba kuti ukhale pamalo."

"Tamverani a Nangondo, amuna anga akumvera chisoni thabwa. Bambo, mumtengo mumagona mbalame. Ine miyendo yangayi si yokwerera. Mukafuna kukwatira mbawa nenani, ndikuphikireni za ukwati, koma makiyi mundisiyire."

A Nangondo anaseka mpaka kugwetsa mulu wa tomato. A Chatsalira anadzuka, kumbuyo kuli bii, napita.

Masiku otsatira malole anatsika ndi phiri la Katsala lonse. Ophunzira a mtendere anakumba mayenje, ndipo anamenyana kangapo polimbirana makasu. Pofika tsiku loti mawa msonkhano, sukulu inali m'kati mwa nkhalango yobiriwira, ndipo phiri linali ngati mutu wa munthu wometedwa pamaliro.

Masana a tsikulo a Chatsalira anatenga khasu, lenileni, losapaka vanishi, n'kuyamba kukumba mozungulira mbawa. Anapeza chitini chija chitadyeka ndi dzimbiri, chitang'ambika ngati nsalu. Pansi pake panatuluka muzu wonenepa ngati mkono wa munthu. Anautsatira ndi khasu pang'onopang'ono. Muzuwo unadutsa bwalo, osakhotera kuofesi kapena ku chithunzi cha mfumu, n'kukalowa pansi pa khonde la nyumba yawo, pomwe a Nasibeko ankakhuthulira madzi otsukira mbale.

Anaima nthawi yaitali, khasu lili m'mwamba. Anaganiza za makiyi. Anaganiza za abale akumudzi ndi mmene angawalandirire. Kenaka anatsitsa khasu n'kukwirira muzuwo, akudziuza kuti adzadula m'mawa kukadali kozizira. Ankadziwa bwino lomwe zimene mawu akuti mawa anachita ulendo watha.

Ntchito ina inali yogawa zikwangwani. Kazembe uyu anamupatsa msuku, pulofesa uyo muwanga, malinga ndi mmene zinatulukira m'chipinda. Pomaliza zinatsala ziwiri, cha Ndilipano ndi cha Sindigonja. Apa a Chatsalira anakanda m'mutu. Kunamiza kazembe ndi ntchito ya boma, koma kupatsa mfumu nsichi n'kunena kuti ndi mtengo wake ndi mlandu wa khosi. Mafumuwo anabzala mtengo umodzi, ndipo mtengowo unalipo. Anatenga luzi n'kumangirira zikwangwani zonse ziwiri pa mbawa, china kum'mawa, china kumadzulo. Mpaka lero sanganene ngati inali nzeru kapena kutopa.

Tsiku la msonkhano dzuwa linatuluka laukali. Pomwe alendo ankatsika m'magalimoto, masamba a nkhalango yatsopano anali atayamba kuzyolika.

"Mitengo ya kwathu ndi yaulemu," anafotokoza a Kamlomo. "Ikaona alendo imaweramitsa mutu."

Alendo anabalalika, aliyense kufuna dzina lake. Ena analira misozi. Mayi wina anakumbatira mtengo wake mwachikondi chambiri, mtengowo n'kupendekera, ndipo ophunzira awiri anathamanga kukauimirira pafupi ngati akujambulitsa. Kazembe wina wokalamba anaima akuyang'ana m'mwamba.

"Ine ndikukumbuka kuti ndinabzala mbawa. Uwu ukubala masuku."

"Kusintha kwa nyengo, bwana," anatero a Kamlomo mwachisoni. "Kwativuta kwambiri kuno."

Kazembeyo anagwedeza mutu momvetsa.

Ndipamene a Kamlomo anatembenukira kuofesi n'kuona mbawa ili chilili pamalo a dzenje. Anathamanga, tayi ili paphewa.

"A Chatsalira, ichi n'chiyani?"

"Ndimati ndidule m'mawa, bwana nduna, koma..."

"Kuno kulibe koma. Nkhwangwa."

Nkhwangwa inabwera, koma panalibe wofuna kuigwira alendo akuona, choncho a Kamlomo anaigwira okha. Anali atangoikweza pamene gulu la Mfumu Sindigonja linatulukira chakum'mawa. Sindigonja anali munthu wamfupi, wa chifuwa chodzaza mamendulo a nkhondo zimene sizinamenyedwe. Anawerenga dzina lake pa mtengo, kenaka anayang'ana nduna ya Zatikwana ili ndi nkhwangwa m'manja.

"Ndinadziwa," anatero mosakweza mawu. "Mtsinje munatenga, tsopano mukufuna mtengo wanga."

Asilikali ake anakoka mfuti. Nthawi yomweyo Mfumu Ndilipano inatulukira chakumadzulo, ili ndi Mayi Vandabeki pambali pake. Nayo inawerenga dzina lake, ndipo maso onse awiri anatseguka okha.

"Kamlomo, ndani wakuuza kudula mtengo umene ndinabzala ndi manja anga?"

"Ndi a Chatsalira, wawa. Ine ndimawalanda nkhwangwayi."

"Manja ako?" anatero Sindigonja akusuzumira kuseri kwa thunthu. "Iwe Ndilipano, unayamba wabzalapo chinthu n'kumera? Mtengowu ndi wanga. Taona kuwongoka kwake."

"Kuwongoka kumeneko ukufanana nako? Ukanakhala wako bwenzi uli chitsa."

Asilikali oimba anaika malipenga pansi n'kuyamba kufunafuna mfuti zawo. Ophunzira a mtendere, pokumbukira maphunziro awo, anabisala kuseri kwa nkhalango, nkhalango n'kuyamba kugwa mtengo umodziumodzi. A Chatsalira anaima pakati, msana atatsamira mbawa.

Mayi Vandabeki sankamva chilankhulo cha kumeneko. Anakoka dzanja la a Kamlomo. "Akuti chiyani mafumuwa?"

A Kamlomo anakonza tayi. "Aliyense akuti mtengowu amaukonda kuposa mnzake, mayi. Aliyense akuti afa nawo."

Mwina ndi mawu oona okhawo amene a Kamlomo analankhula chaka chimenecho. Mayiyo anagwira pamtima. Anati wayenda mayiko ambiri, waona magulu a nkhondo akulimbirana mafuta, golide ndi madoko, koma sanaonepo mafumu awiri okonzeka kufera mtengo umodzi. Anati tsogolo la maphunziro a mtendere limene akhala akulifuna m'misonkhano yonse, si ili laima apa? Alendo anaomba m'manja, wojambula anakonza makina ake, ndipo mafumu, poona makinawo, anagwirana chanza asanaganize.

Mayiyo anapempha kuti pakhale pangano pomwepo. Ponse pamene mizu ya mtengowo yafika pasakhale pa Zatikwana kapena pa Kutsidyankwathu. Msilikali, nduna kapena mthenga wa mfumu iliyonse asapondepo, ndipo lamulo la mfumu iliyonse lisagwirepo ntchito. Ndilipano anavomera msanga kuti Sindigonja asadzakhudzenso mtengo wake. Sindigonja anavomera pa chifukwa chomwecho. Anasaina osawerenga, monga mwa maphunziro.

"Nanga mizuyo yafika pati?" anafunsa mayiyo. "Tiike malire."

Onse anayang'ana mphunzitsi wamkulu. A Chatsalira anatenga khasu la vanishi lija, limene linali lisanagwirepo ntchito yeniyeni, n'kufukula dothi lofewa la dzulo. Muzu unaonekera. Gulu lonse, mafumu, akazembe ndi apulofesa, linautsatira chammbali mpaka pakhonde, pomwe a Nasibeko anali ataima manja m'chiuno. Malire anazungulira nyumba yonse, pakuti palibe amene akanalumbira kuti muzuwo wathera chipinda chiti.

Mayi Vandabeki anakhala mlendo woyamba kuchoka ku Zatikwana asanabzale kanthu, ndipo ndi mlendo yekhayo amene mtengo wa pasukulupo unapindula naye.

Magalimoto atakhota pa mtunda wa Tsalanibwino, mfumu inaitana a Chatsalira. Inaima kunja kwa malire, iwo m'kati.

"Dzenje ndalipeza ndi mtengo kapena lopanda kanthu?"

"Ndi mtengo, wawa. Wanu."

"Wanga, inde. Koma mawu a mfumu sabwerera m'kamwa. Tulani choko."

A Chatsalira anatulutsa choko m'thumba n'kuchiponya mwaulemu kudutsa malire.

"Ndi makiyi."

"Ali m'nyumba, mwini dziko," anayankha a Nasibeko atagwada bwinobwino pakhonde. "Atumeni a Kamlomo adzatenge."

A Kamlomo anakweza phazi. Kutsidya kwa bwalo msilikali wa Sindigonja, amene anasiyidwa kuti azilondera, anakonza mfuti yake paphewa. A Kamlomo anabweza phazilo pomwe linali, n'kunena kuti nkhani ya makiyi ikufunika komiti.

Komitiyo ikukumanabe. Sukulu ili ndi mphunzitsi wamkulu watsopano, mphwake wa a Kamlomo, amene anakumba dzenje lina ndipo amasamala kwambiri za zitini. Kunja akuti kuli maphunziro otchedwa Njira ya Zatikwana, ndipo mayiko ena akufunafuna mtengo woti azikanganirana. Magulu awiri a asilikali amagona m'matenti mbali ziwiri za mbawa, kunja kwa malire, ndipo onse amaphikira makala a phiri la Katsala, amene amagula kwa a Nasibeko kudzera pamwamba pa malire. Wokhometsa msonkho amangoima patali n'kumayang'ana.

Tsiku lina masana a Chatsalira ali pampando wawo pamthunzi anaona akazi awo akudutsa ndi ndowa, kupita kuseri kwa nyumba. Anabwera, natunganso, napitanso.

"Mayi, mtengo uli kuno. Madziwo mukuthira kuti?"

"Ndikuuitana. Bafa ndi khola la nkhuku zatsala ku Zatikwana." A Nasibeko anatula ndowa patsogolo pawo. "Dzukani, bambo a chilengedwe. Mkazi mnzangayu sakula ndi nkhani zanu za m'kalasi."